Chiweto chikadwala mwakayakaya, ndalama za kuchipatala zichokera kuti?

Galu kapena mphaka akadwala mwadzidzidzi, mwini wake amagwidwa ndi mantha awiri nthawi imodzi. Oyamba ndi akuti chiweto chifa. Achiwiri, amene ambiri amachita nawo manyazi kuwatchula, ndi akuti ndalama sizikwana. Mantha achiwiriwa ndi amene amanenetsa munthu kuti "tione kaye mmene chigonere," ndipo kudikira kotereku kwapha ziweto zimene zikanachira, kwakwezanso bilu ya zimene zinapulumuka. Munthu wodziwa mmene nkhani ya ndalama imayendera pachipatala cha ziweto amasankha bwino ngakhale m'thumba muli mopepuka, n'chifukwa chake ndikufuna tiione bwinobwino.

Tiyambe ndi kuchedwako, popeza ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Mphaka wamphongo amatha kutsekeka njira ya mkodzo ndi timiyala kapena zinthu zina zochokera m'chikhodzodzo. Amapitapita pamalo ake okodzera, amatchima, amalira, koma sipatuluka kanthu, mwina timadontho chabe. Eni ake ambiri amayesa kuti wadzimbidwa. Mkodzo ukalephera kutuluka, impso zimagonja, mchere wa potaziyamu umachuluka m'magazi, ndipo mtima umayamba kugunda mosalongosoka mpaka kuima. Zonsezi zimatha kuchitika m'masiku 2 kapena 3. Mphaka wofika kuchipatala tsiku loyamba amamugonetsa ndi mankhwala, kumulowetsa kachubu kotsegula njirayo, kumuika diripi, ndipo kawirikawiri amatuluka pakapita masiku ochepa. Wofika tsiku lachitatu ali lefuu, thupi litazizira, madokotala amayamba alimbana ndi mtima wake, kumuyeza magazi mobwerezabwereza, kumugoneka nthawi yaitali, ndipo pambuyo pa zonsezi akhoza kufabe. Matenda ndi omwewo, koma mtengo wakwera kutali.

Mankhwala a makoswe, aja oletsa magazi kuundana, ndi onyenga kwambiri. Galu akawadya amaoneka wabwinobwino kwa masiku 3 mpaka 5, amadya, amasewera, mwini wake n'kumati palibe chimene chachitika. Akanathamangira naye kuchipatala m'maola awiri oyambirira, akanamubaya jakisoni womusanzitsa, n'kumupatsa mapiritsi a vitamini K1 omwa kwa milungu 3 kapena 4, basi. Akadikira zizindikiro, galuyo amabwera akukha magazi m'kati mwa chifuwa kapena m'mimba, ndipo pamafunika kumuthira magazi, kumuika pa okosijeni ndi kumuyang'anira usana ndi usiku.

Palinso matenda osalola ngakhale kudikira kuti kuche. Agalu akuluakulu a chifuwa chakuya, monga Great Dane ndi German Shepherd, chifu chawo chimatha kudzaza mpweya n'kupotokola. Mimba imatupa n'kulimba, galu amayesa kusanza koma osatulutsa kanthu, dovu lili chuchuchu, osakhazikika malo amodzi. Popanda opaleshoni amafa m'maola ochepa. Chimodzimodzi chiweto chobanika, cha nkhama zoyera mbee, chokomoka, chogundidwa ndi galimoto, kapena chachikazi chimene chakanika kubereka. Ngati mukukayika, imbani foni kuchipatala. Adzakuuzani ngati muyenera kubwera nthawi yomweyo, ndipo mukafunsa adzakuuzaninso ndalama yoonana ndi dokotala. Chimene simuyenera kuchita pofuna kupulumutsa ndalama ndi kupatsa chiweto mankhwala a anthu. Piritsi limodzi la paracetamol likhoza kupha mphaka, chifukwa chiwindi chake sichitha kuthana nawo mankhwalawa, ndipo ibuprofen amayambitsa zilonda m'chifu cha galu ndi kumuwononga impso.

Nanga n'chifukwa chiyani chithandizochi chimadula chonchi? M'mayiko ambiri munthu akadwala, gawo lina la mtengo limalipidwa ndi boma kapena inshuwalansi, moti wodwalayo saona mtengo weniweni wa usiku umodzi m'chipatala. Chiweto chilibe wochilipirira wotero, zonse zimagwera mwini wake. Chipatala chotsegula maola 24 chimalipira dokotala ndi anamwino usiku wonse, kaya kwabwera ziweto khumi kaya sikunabwere ndi chimodzi chomwe. Makina a X-ray, a sikani ndi oyezera magazi ayenera kugulidwa, kukonzedwa ndi kukhala chire. Chiweto sichinena pamene pakupweteka, choncho zoyeza zimachuluka. Sungachiuze kuti chigone phee pojambulidwa, choncho nthawi zambiri pamafunika mankhwala ogonetsa, amenenso amafuna munthu woyang'anira mtima ndi kapumidwe. Mankhwala amaperekedwa potengera kulemera kwa thupi, ndiye galu wa makilogalamu 40 amadya ndalama zambiri kuposa wa makilogalamu 5 pa matenda omwewo.

Sindikunena kuti mtengo uliwonse ndi wolungama. Ku UK, bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, Competition and Markets Authority, linayamba kuunika msika wa zipatala za ziweto mu 2023. Linapeza kuti makampani akuluakulu 6 ali ndi zipatala pafupifupi 60 pa 100 zilizonse, pomwe mu 2013 makampani akuluakulu anali ndi pafupifupi 10 pa 100, ndipo linadandaula kuti eni ziweto sauzidwa mitengo momveka bwino nthawi isanathe. Ndiye kufunsa mtengo si mwano, ndipo si chizindikiro chakuti chiwetocho simuchikonda.

Mukafika kuchipatala, saona ziweto potsata amene wabwera poyamba koma potsata chimene chili pafupi ndi imfa. Ntchito yoyamba ndi kukhazikitsa thupi: okosijeni, diripi, mankhwala oletsa ululu, kuletsa magazi. Kenako dokotala amabwera ndi pepala lachiyerekezo cha mtengo, lomwe kawirikawiri limakhala ndi ziwerengero ziwiri, chotsika ndi chokwera, chifukwa sangadziwe zonse asanayeze kapena kutsegula. Zipatala zambiri zimafuna dipoziti, nthawi zina theka la mtengowo kapena kuposa, chiweto chisanagonekedwe. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku UK, bungwe loyang'anira madokotala a ziweto, Royal College of Veterinary Surgeons, limalamula kuti dokotala aliyense wogwira ntchito yochiza aonetsetse kuti pali njira yoperekera chithandizo choyamba ndi kuletsa ululu maola 24. Koma ngakhale kumeneko, lamuloli silitanthauza opaleshoni yaulere. Limangotanthauza kuti chiweto chisasiyidwe chikuzunzika.

Apa ndi pamene pali nkhani yaikulu, ndipo ndikanakonda mwini chiweto aliyense akanaimva tsikulo lisanafike. Nenani ndalama zimene muli nazo, mokweza, pa mphindi yoyamba. "Adokotala, pano ndili ndi zakutizakuti, pofika mawa ndikhoza kupeza zina zakutizakuti. Tingachite nazo chiyani?" Dokotala anaphunzitsidwa kuyamba ndi njira yabwino koposa, ndipo ndi udindo wake kukuuzani kuti njirayo ilipo. Inu mukangogwedeza mutu chifukwa cha manyazi, iye amapitiriza. Chimene chimachitika ndiye ndi chomvetsa chisoni: ndalama zonse zimathera pa kuyeza magazi, X-ray ndi sikani, matenda n'kudziwika bwinobwino, koma yochizira palibe. Dokotala wodziwa malire anu akanagawa ndalamazo mwanjira ina.

Pakati pa kuchita zonse ndi kusachita kanthu pali njira zambiri, koma sizioneka pokhapokha mutafunsa. Pa kuyeza kulikonse, funsani ngati zotsatira zake zisinthe chimene achite. Ngati dokotala ali ndi chikhulupiriro chachikulu kuti galu wameza chinthu chimene chatsekereza matumbo, ndipo opaleshoni ichitika mulimonse, mwina kujambula kwachiwiri kungasiyidwe, ndalamazo zipite ku opaleshoni. Funsani mwayi wochira ndi chithandizo chonse, mwayi wochira ndi chithandizo chochepa, ndiponso moyo umene chiwetocho chidzakhale nawo chikachira. Funsani ngati chingagone usiku umodzi wokha pachipatala cha ngozi, m'mawa n'kusamutsidwira kwa dokotala wanu wa masiku onse, kumene kugoneka kawirikawiri kumatsikirako mtengo. Pemphaninso kuti akuimbireni foni bilu isanadutse malire amene mwagwirizana, ndipo dziwani ngati chiyerekezocho chikuphatikiza mankhwala a kunyumba, kubweranso kudzaonedwa ndi kuchotsa ulusi, chifukwa bilu siithera pa tsiku lotuluka.

Matenda a parvo, amene anadziwika mu 1978 ndipo amagwira kwambiri ana agalu osalandira katemera, akusonyeza bwino kuti njira yotsika mtengo si masewera. Kagalu kamasanza, kutsekula m'mimba za magazi, madzi n'kutha m'thupi, ndipo popanda chithandizo ambiri amafa. Njira yodalirika ndi kukagoneka masiku angapo pa diripi ya mumtsempha. Ku Colorado State University ku America anayerekeza njirayi ndi ina yopepukirapo, imene kagalu kamayamba kabwezeretsedwa madzi mumtsempha, kenako n'kumalandira madzi a pansi pa khungu, jakisoni woletsa kusanza ndi mankhwala opha mabakiteriya ogwira ntchito masiku ambiri. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2017, zinaonetsa kuti agalu 18 mwa 20 anachira ndi njira yoyamba, ndipo 16 mwa 20 anachira ndi yachiwiri. Agaluwo anali ochepa, ndipo njira yachiwiriyo imafuna dokotala woyang'anira tsiku ndi tsiku, si yoti munthu angoyesa yekha. Komabe kwa banja limene likanabwerera kunyumba chimanjamanja, kusiyana pakati pa 16 mwa 20 ndi kusachiza n'komwe n'kwakukulu.

Mwendo wothyoka moipa ndi chitsanzo china. Kuulumikiza ndi zitsulo kumafuna katswiri, kujambula kangapo ndi miyezi yosamalira. Kuudula kumachitika kamodzi, bala n'kupola m'milungu iwiri kapena itatu, ndipo agalu ndi amphaka ambiri amayenda ndi kuthamanga ndithu ndi miyendo itatu. Amene amavutika kwambiri kuvomereza ndi mwini wake. Koma tinene zoona, si matenda onse ali ndi njira yachidule. Chifu chopotokola chimafuna opaleshoni basi, ndipo mphaka wotsekeka mkodzo ayenera kutsegulidwa. Dokotala akakuuzani kuti apa palibe njira yapakati, nthawi zambiri sakukokomeza.

Tsono ndalamazo zichokere kuti? Funsani kaye ngati chipatalacho chimalola kulipira pang'onopang'ono. Zipatala za ngozi zambiri zimakana, popeza sizikudziwani, koma dokotala amene wakhala akuona chiweto chanu kwa zaka amatha kuvomera, makamaka mukalipirako gawo lina pomwepo n'kulemberana masiku omalizira. Zipatala zina zimagwira ntchito ndi makampani obwereketsa ndalama, monga CareCredit ku America. Apa werengani mofatsa ngakhale mtima uli m'mwamba. Ngongole zina zimalengezedwa kuti zilibe chiwongoladzanja kwa miyezi 6 kapena 12, koma chiwongoladzanjacho amangochiimika pambali. Mukamaliza kubweza nthawiyo isanathe, simulipira kanthu kowonjezera. Ikatha mutatsala ndi kangachepe, amakuwerengerani chiwongoladzanja chonse kuyambira tsiku limene munabwereka. Za katapila ndiye musayandikire n'komwe, chifukwa mudzakhala mukubweza chiwetocho chitachira kalekale, kapena chitafa.

Abale ndi abwenzi amathandiza mosavuta akaona pepala la chipatala lenileni, ndipo ena amamasuka kwambiri akamalipira mwachindunji kuchipatalako. Kusonkhetsa ndalama pa intaneti, monga pa GoFundMe, kumathandiza kubweza ngongole kapena kulipira gawo lotsatira la chithandizo, koma ndalamazo zimatenga masiku kuti zifike m'manja mwanu, choncho si zodalira pa dipoziti ya usiku womwewo.

Mabungwe achifundo alipo, ndipo ena ndi akalekale. Maria Dickin anayambitsa PDSA mu 1917 m'chipinda chapansi ku Whitechapel, mu London, kuti ziweto za anthu osauka zizichizidwa kwaulere, ndipo bungweli likugwirabe ntchitoyo. Blue Cross inatsegula chipatala chake cha ziweto ku Victoria, mu London momwemo, mu 1906. Ku America kuli mabungwe monga RedRover amene amapereka kandalama kothandizira pa ngozi, ndipo m'mayiko ambiri nthambi za SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza, zili ndi zipatala zotsika mtengo. Onsewa ali ndi malamulo awo: amafuna umboni wakuti mumapeza zochepa, ndalama zawo n'zowerengeka, ndipo ambiri salipira bilu imene yalipidwa kale. Ndiye aimbireni foni chithandizo chisanayambe kapena chili m'kati, ndipo funsani ogwira ntchito pachipatalapo, chifukwa ndi amene amadziwa mabungwe a m'deralo. Pali njira inanso yowawa: zipatala ndi mabungwe ena amalola kuti musainire chiwetocho kukhala chawo, iwo achichize n'kuchipezera banja lina. Mumataya chiweto, koma chimakhala ndi moyo. Amene wasankha zimenezi ine ndimamulemekeza.

Nthawi zina zonsezi sizikwana, kapena mwayi wochira ndi wochepa kwambiri moti kubwereka kungagwetse banja popanda phindu. Maganizo anga ndi akuti munthu asagulitse tsogolo la ana ake kapena kutaya nyumba chifukwa cha opaleshoni imene dokotala mwiniyo akuikayikira. Pamenepo kupumitsa chiweto ndi jakisoni ndi chithandizo ndithu, ndipo madokotala amakuona choncho. Kawirikawiri amayamba achipatsa mankhwala ochikhazika mtima pansi, kenako amabaya mumtsempha mlingo waukulu wa mankhwala ogonetsa otchedwa pentobarbital. Chimagona m'masekondi ochepa, mtima n'kuima pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri, osamva ululu. Mukhoza kukhalapo, kuchigwira ndi kuchilankhula. Chosankha choipitsitsa ndi kuchitenga kubwerera nacho kunyumba popanda kanthu kuti chikafe chokha. Imfa ya chifu chopotokola kapena ya mkodzo wotsekeka ndi yowawa zedi. Ngati mukufuna maola angapo oti muganize kapena kusaka ndalama, pemphani mankhwala oletsa ululu, ndipo funsani kuti maolawo asapitirire angati. Kumbukiraninso kuti namwino kapena wolandira ndalama amene ali patsogolo panu si amene anaika mitengo, ndipo zotere amaziona mlungu ndi mlungu zikumupweteka naye.

Kwa amene chiweto chake chili bwino lero, nkhani ya inshuwalansi ndi yofunika kuimvetsa, chifukwa anthu ambiri amaigula osadziwa chimene agula. Inayambira ku Sweden, kumene Claes Virgin analemba inshuwalansi ya akavalo ndi ziweto za pafamu mu 1890, galu woyamba n'kulembetsedwa mu 1924. Ku America inafika mu 1982. Mpaka pano m'mayiko ambiri sinafale, ndipo kwina kulibiretu. Kumene ilipo, lamulo lake lalikulu ndi lakuti siilipira matenda amene analipo kale musanalembetse, ngakhale amene anangoonetsa zizindikiro dzina lake lisanadziwike. Palinso nthawi yodikira mukangolembetsa, nthawi zambiri masiku 14 pa matenda. Choncho kuigula chiweto chitadwala kale sikuthandiza pa vutolo. Nthawi yabwino ndi chidakali chaching'ono, chisanalembedwe matenda alionse m'buku lake.

Onaninso zinthu zitatu izi m'mapepala ake: gawo limene mumalipira nokha kampani isanayambe kulipira, malire a ndalama zimene ingalipire pa chaka kapena pa matenda amodzi, ndiponso ngati imapitiriza kulipira matenda okhalitsa monga shuga chaka ndi chaka kapena imasiya pakatha miyezi 12. Ndalama ya mwezi ndi mwezi imakwera chiweto chikamakalamba. Chimene chimadzidzimutsa ambiri n'chakuti makampani ochuluka amafuna kuti mulipire nokha kuchipatala, iwo adzakubwezereni pambuyo pake mukatumiza malisiti. Ndiye ngakhale muli ndi inshuwalansi, pakati pa usiku mufunikabe ndalama ya dipoziti.

Ena amasankha kumasunga okha kandalama mwezi uliwonse. Ubwino wake ndi wakuti ndalamayo ndi yanu, palibe woikana chifukwa cha matenda akale. Kuipa kwake ndi kwakuti tsoka silinunkha: kagalu kakameza sokosi m'mwezi wachitatu, thumbalo lidzakhala lisanakule. Amene angathe amachita zonse ziwiri, inshuwalansi ya zinthu zazikulu ndi kathumba ka dipoziti.

Ngozi zina zodula zimapeweka ndi ndalama yochepa. Katemera wa parvo amadula pang'ono poyerekeza ndi masiku a diripi. Galu wamkazi wosachotsedwa chiberekero amatha kudwala matenda a mafinya m'chiberekero, amene amabwera milungu ingapo pambuyo pa nyengo yake yofuna mwamuna. Kafukufuku wa ku Sweden anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa agalu anayi otere amawadwala asanakwane zaka 10. Opaleshoni yake ndi yomweyo yochotsa chiberekero, koma pa galu wodwalika, mwina pakati pa usiku, imakhala yoopsa ndi yodula kuposa yokonzekera. Kwa agalu a chifuwa chakuya, dokotala akhoza kusokerera chifu ku khoma la mimba pa nthawi ya opaleshoni ina kuti chisadzapotokole. Ulendo wotsatira mukapita kukabayitsa katemera, funsani dokotala wanu kuti usiku ndi kumapeto kwa mlungu mumathamangira kuti, kumeneko amafuna dipoziti yotani ndipo amalandira ndalama m'njira ziti. Sungani nambala yawo m'foni, pamodzi ndi chithunzi cha khadi la katemera ndi maina a mankhwala amene chiwetocho chikumwa.